Theodor Bilharz (1825–1862): Dokotala amene adatulukira nyongolotsi ya likodzo

Kuno kumunsi kwa nyanja, kuyambira ku Makanjira ndi Malindi, kudzera pa Boma mpaka ku Monkey Bay ndi Chembe, kholo lililonse limadziwa likodzo. A zaumoyo akafika pasukulu atanyamula ndodo yoyezera msinkhu ndi mabotolo a mapiritsi oyera aja, ana amadziwiratu kuti tsikulo n'lomwa mankhwala. M'mabuku a bayoloji matendawa amalembedwa kuti bilharzia, ndipo ophunzira ambiri amangoloweza liwuli ngati Chingerezi china chilichonse, osadziwa kuti lidachokera ku dzina la munthu. Munthuyo ndi Theodor Bilharz, dokotala wa ku Germany amene adagwira ntchito ku Egypt n'kumwalira ali ndi zaka 37 zokha. M'kalata ya teremu ino tikufotokoza mbiri yake, funso limene adasiya lisanayankhidwe, komanso zimene akatswiri a fizikisi apeza zokhudza tizilombo ting'onoting'ono tosambira m'madzi omwe ife timasamba, kuchapira ndi kuwedzamo tsiku ndi tsiku.

Ubwana ndi maphunziro ake

Theodor Maximilian Bilharz adabadwa pa 23 Malichi 1825 m'tauni yaing'ono ya Sigmaringen, m'mbali mwa mtsinje wa Danube, kummwera kwa dziko limene lero ndi Germany. Bambo ake ankagwira ntchito mu ofesi ya mfumu ya deralo, ndipo mayi ake adachokera ku Switzerland. Mng'ono wake, Alfons, nayenso adadzakhala dokotala. Theodor adaphunzira sekondale kwawo komweko, kenako adapita ku yunivesite ya Freiburg kumene adayamba ndi maphunziro a zachilengedwe. Mu 1845 adasamukira ku yunivesite ya Tübingen kukaphunzira udokotala, ndipo pofika 1850 adali atalandira digiri yake. Nkhani imene adalemba pomaliza maphunzirowo idali yokhudza magazi a tinyama topanda msana.

Aphunzitsi awiri ndiwo adawongola moyo wake. Woyamba adali Carl Theodor von Siebold, katswiri wa nyongolotsi ndi tizilombo tokhala m'matupi a zamoyo zina. Kwa mkuluyu Bilharz adaphunzira kutumbula tinyama mosamala, kuyang'ana pa maikulosikopu nthawi yaitali osatopa, ndi kujambula papepala chokhacho chimene maso aona. Masiku amenewo katswiri ankadalira diso lake, kuwala kwa dzuwa ndi pensulo. Wachiwiri adali Wilhelm Griesinger, dokotala amene adamuphunzitsa ku Tübingen, yemwe adadzatchuka kwambiri pa matenda a misala.

Ulendo wa ku Cairo

Mu 1850 wolamulira Egypt, Abbas Woyamba, adaitana Griesinger kuti akatsogolere ntchito za umoyo m'dzikomo. Griesinger adasankha Bilharz, amene adali ndi zaka 25, kuti apite naye ngati womuthandiza. Adakafikira pa chipatala ndi sukulu ya udokotala ya Qasr al-Ayni mumzinda wa Cairo, m'mbali mwa mtsinje wa Nile. Sukuluyi idakhazikitsidwa mu 1827, mu ulamuliro wa Muhammad Ali, ndipo lero ndi gawo la yunivesite ya Cairo.

Ku Egypt kukodza magazi kudali kwa tsiku ndi tsiku, makamaka pakati pa alimi othirira minda ndi madzi a m'ngalande za Nile. Matendawa ndi akalekale m'dzikomo. Mu 1910 katswiri wina, Marc Armand Ruffer, adapeza mazira a likodzo mu impso za mitembo youmitsa ya anthu amene adamwalira zaka zoposa 3,000 zapitazo. Koma pamene Bilharz ankafika ku Cairo, choyambitsa chake chidali chisanadziwike. M'midzi yambiri anthu ankangoona ngati mnyamata aliyense ayenera kukodza magazi akamakula, maganizo amene mpaka lero timawamvabe m'midzi ina ya m'mbali mwa nyanja yathu.

Imodzi mwa ntchito za Bilharz idali kupima matupi a odwala amene amwalira pachipatalapo pofuna kudziwa chimene chawapha. Ntchitoyi idali yolemetsa, m'dziko lotentha, nthawi imene kudalibe mafiriji. Iye adaigwira mosamala monga adaphunzirira kwa Siebold, ndipo zimene ankapeza ankazilemba m'makalata opita kwa mphunzitsi wakeyo, amene panthawiyo adali atasamukira ku Breslau.

Chaka cha 1851

Kumayambiriro kwa 1851, zaka 8 David Livingstone asanafike kumunsi kwa nyanja yathu, Bilharz akupima thupi la mnyamata wina adapeza nyongolotsi zoyera, zazitali pafupifupi sentimita imodzi, mumtsempha waukulu wotenga magazi kuchokera kumatumbo kupita kuchiwindi. Akatswiri ankadziwa kale nyongolotsi zaphwatalala za mtundu woterewu, zonga zija ogulitsa nyama amazipeza m'chiwindi cha ng'ombe kapena nkhosa. Koma kupeza nyongolotsi yotere ikukhala m'magazi a munthu chidali chachilendo. M'mwezi wa Meyi adalembera Siebold za nyongolotsi ya thupi laphwatalala ndi mchira wautali.

Bilharz sadakhutire ndi zimene adalembazo. Adapitiriza kutola nyongolotsi zina n'kumaziyang'anitsitsa, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho adalembanso kalata yokonza zoyamba zija. Adapeza kuti nyongolotsizi zili zazimuna ndi zazikazi, ndipo yaimuna, imene ndi yonenepa, imapinda m'mbali mwa thupi lake n'kupanga ngalande, momwe imanyamulamo yaikazi, yowonda ngati ulusi. Ichi chidali chodabwitsa chachiwiri, chifukwa nyongolotsi zonse za mtundu umenewu zimene zinkadziwika panthawiyo zimakhala ndi ziwalo zachimuna ndi zachikazi m'thupi limodzi. Adaipatsa dzina loti Distomum haematobium, ndipo liwu lachiwirilo limatanthauza chokhala m'magazi.

Kenako adatsata kumene nyongolotsizo zimaikira mazira. Adawapeza ali ambirimbiri m'khungu la mkati mwa chikhodzodzo, pamalo otupa ndi a zilonda, ndiponso mumkodzo wa odwala. Dzira lililonse lili ndi kaminga, ndipo poboola njira yotulukira limang'amba timitsempha, n'chifukwa chake mkodzo umatuluka ndi magazi. Iye ndi Griesinger adasonyeza kuti matenda a chikhodzodzo ndi impso amene adali ponseponse ku Egypt ankayamba ndi nyongolotsi imeneyi. Griesinger adaipeza m'matupi 117 mwa 363 amene adapimidwa. Siebold adasindikiza zigawo za makalata a Bilharz m'magazini ya akatswiri a zinyama ku Germany, ndipo mbiri idafalikira. Mu 1856 Heinrich Meckel von Hemsbach adatcha nyongolotsiyi Bilharzia pomulemekeza, ndipo mu 1858 David Weinland adaitcha Schistosoma, kutanthauza thupi long'ambika, poganizira ngalande ya yaimuna ija. Mayina onse awiriwa tikuwagwiritsabe ntchito.

Pali chinthu chinanso chimene Bilharz adaona pa maikulosikopu yake. M'kati mwa dzira muli kamwana kamoyo, kokutidwa ndi tiubweya thupi lonse, ndipo dzira likasweka kamwanako kamatuluka n'kuyamba kusambira. Kumene kamapita, ndi mmene kamabwererera m'thupi la munthu, iye sadathe kudziwa.

Ntchito zake zina ndi imfa yake

Griesinger adabwerera ku Germany mu 1852, koma Bilharz adatsala ku Cairo. Adakwezedwa paudindo pachipatalapo, ndipo mu 1856 adakhala pulofesa wophunzitsa kapangidwe ka thupi la munthu kwa ophunzira a ku Egypt. M'chaka chomwe chija cha 1851 adatulukiranso nyongolotsi zina ziwiri za m'matumbo a munthu, zimene lero zimatchedwa Hymenolepis nana ndi Heterophyes heterophyes. Mu 1857 adasindikiza buku lofotokoza chiwalo chopanga magetsi cha nsomba ina ya mu Nile, m'bale wake wa nsomba ija asodzi a kumunsi kwa Shire amaitcha nyesi. Bukuli akatswiri a nthawi yake adaliyamikira kwambiri chifukwa cha zojambula zake zolongosoka.

Mu 1862 Ernst Wachiwiri, mfumu ya dera la Saxe-Coburg-Gotha, mkulu wake wa mwamuna wa Mfumukazi Victoria ya ku Britain, adakonza ulendo wopita ku Massawa, doko la pa Red Sea m'dziko limene lero ndi Eritrea. Bilharz adapita nawo ngati dokotala. Kumeneko adatenga matenda otentha thupi kwambiri, ndipo adabwerera ku Cairo ali wodwala. Adamwalira pa 9 Meyi 1862 ndipo adaikidwa m'manda mumzinda womwewo. Lero ku Giza kuli malo aakulu a kafukufuku wa zaumoyo otchedwa Theodor Bilharz Research Institute, ndipo limodzi mwa maenje a pamwezi lidapatsidwa dzina lake.

Funso limene adasiya

Padatenga zaka zoposa 50 chimwalirireni Bilharz kuti ulendo wa kamwana kosambira kaja udziwike. Arthur Looss, katswiri wotchuka amene ankaphunzitsanso ku Cairo, adaumirira kwa zaka zambiri kuti kamwanako kamalowa m'thupi la munthu mwachindunji, ndipo popeza adali munthu wolemekezeka, ambiri adamukhulupirira. Panalinso mkangano wa mazira. Bilharz adaona mazira ena ali ndi kaminga kumapeto, ena ali ndi kaminga m'mbali, ndipo adaganiza kuti onse ndi a nyongolotsi imodzi. Mu 1907 Louis Sambon adati a kaminga m'mbali ndi a mtundu wina, nautcha Schistosoma mansoni, umene umayambitsa likodzo la m'matumbo.

Yankho lidachokera ku Japan. Mu 1913 Keinosuke Miyairi ndi Minoru Suzuki adapeza kuti mtundu wa likodzo wa kumeneko umadzera mu nkhono ya m'madzi. Mu 1915 Robert Leiper wa ku Scotland adachita kafukufuku m'mudzi wa El Marg, pafupi ndi Cairo, ndipo adatsimikiza kuti ku Egypt kuli mitundu iwiri ya likodzo, uliwonse ndi nkhono yake. Likodzo la m'chikhodzodzo limadzera mu nkhono za mtundu wa Bulinus, pamene la m'matumbo limadzera mu zimene lero timazitcha Biomphalaria.

Ulendo wonse uli motere. Munthu wodwala akakodza kapena kuchita chimbudzi m'madzi, mazira amaswa n'kutulutsa kamwana kaubweya kaja, kamene dzina lake ndi miracidium. Kali ndi maola ochepa chabe, osakwana tsiku, oti kapeze nkhono yoyenera, apo ayi kamafa. Kakalowa mu nkhono kamachulukana, ndipo pakatha masabata 4 mpaka 6 nkhonoyo imayamba kutulutsa tizilombo tina masauzandemasauzande, ta mchira wa mphanda, totchedwa cercaria. Timeneti ndi timene timaboola khungu la munthu m'mphindi zochepa, n'kusiya mchira panja. M'thupi timakula n'kukhala nyongolotsi zija Bilharz adaziona, zimene zimatha kukhala zaka 3 mpaka 5 zikuikira mazira mazanamazana tsiku lililonse. Tikaonetsetsa, likodzo silingafale popanda maulendo awiri osambira, woyamba kuchoka m'dzira kupita ku nkhono, wachiwiri kuchoka mu nkhono kupita kwa munthu. Apa m'pamene fizikisi ikulowera.

Kanthu kakang'ono kamasambira bwanji?

M'chaka chomwe Bilharz ankapeza nyongolotsi yake ku Cairo, 1851, katswiri wa masamu wa ku Cambridge, George Stokes, adasindikiza lamulo lofotokoza mmene madzi amatsekerezera kanthu kakang'ono koyenda pang'onopang'ono m'kati mwake. Anthu awiriwa ankagwira ntchito zosiyana kotheratu, koma lero ntchito zawo zimakumana pa kachilombo ka likodzo.

Choyamba tisiyanitse kusambira ndi kukankhidwa. Mu 1827 Robert Brown adaona tinthu ting'onoting'ono tochokera mu mungu wa maluwa tikunjenjemera m'madzi osaleka, ndipo mu 1905 Albert Einstein adafotokoza kuti tinthu totere timangokankhidwa uku ndi uku ndi mamolekyu a madzi. Tilibe kolowera ndipo sitigwiritsa ntchito mphamvu yathuyathu ya chakudya. Kachilombo kosambira n'kosiyana, chifukwa kamawotcha chakudya chimene kali nacho m'thupi kuti kadzikankhe kokha kupita kumene kakufuna.

Chinthu chikamayenda m'madzi pamalimbana zinthu ziwiri. China ndi liwiro limene chinthucho chatenga kale, limene limachititsa kuti bwato lipitirire kuyenda ngakhale wopalasa atatukula nkhafi. China ndi kunanda kwa madzi, kumene m'buku la fizikisi amakutcha viscosity, kumene kumagwira chinthu kuti chiime. Uchi ndi wonanda kwambiri kuposa madzi, koma madzi nawo ali nako kunanda kwake. Mu 1883 Osborne Reynolds wa ku Manchester adasonyeza kuti nambala imodzi imatiuza chimene chikupambana mwa ziwirizi. Kwa madzi wamba nambalayi ophunzira a Folomu 3 ndi 4 angathe kuiwerengera okha: tichulukitse utali wa chinthu m'mamilimita ndi liwiro lake m'mamilimita pa sekondi, ndipo yankho lake ndiyo nambala ya Reynolds, pafupifupi.

Tiyese. Mnyamata wamtali mamilimita 1,500 akusambira mamilimita 1,000 pa sekondi, nambala yake ndi 1,500,000. Usipa wa mamilimita 100 ukuyenda mamilimita 200 pa sekondi, nambala yake ndi 20,000. Kwa onsewa liwiro ndilo likupambana, ndipo akaleka kusambira amapitirirabe pang'ono. Miracidium ndi kotalika pafupifupi mamilimita 0.15 ndipo kamasambira pafupifupi mamilimita 2 pa sekondi, motero nambala yake ndi 0.3. Bakiteriya wa mamilimita 0.002 woyenda mamilimita 0.03 pa sekondi nambala yake ndi 0.00006. Nambala ikatsika kupitirira 1, kunanda ndiko kumalamula. Bakiteriya akaleka kusambira amaima pomwepo, asanayende ngakhale mtunda wofanana ndi kukula kwa atomu imodzi. Kuti mnyamata uja amve zimene miracidium kamamva, ayenera kusambira m'dziwe la uchi, akuyenda milimita imodzi kapena awiri pa sekondi.

M'dziko lotereli njira zathu zosambirira sizigwira ntchito. Wopalasa bwato angathe kukankha nkhafi kumbuyo mwamphamvu, n'kuibweza kutsogolo pang'onopang'ono osaitulutsa m'madzi, ndipo bwato lidzapitabe patsogolo, chifukwa kukankha kwachangu kumaposa kubweza kwapang'onopang'ono. Kwa kachilombo kakang'ono sizili choncho. Kakakankha chiwalo kumbuyo n'kuchibweza kudzera njira yomweyo, kamabwerera pamalo pomwe kadayambira, kaya kakankha mofulumira kapena mochedwa. G. I. Taylor wa ku Cambridge adayamba kuwerengera masamu a kusambira kotereku mu 1951, ndipo Edward Purcell wa ku Harvard adafotokoza lamuloli momveka bwino m'nkhani yake yotchuka imene idasindikizidwa mu 1977. Lamulo lake n'lakuti kanthu kakang'ono kuti kapite patsogolo, kabwezedwe ka chiwalo chake kayenera kusiyana ndi kakankhidwe kake.

Zamoyo zidapatsidwa njira zosiyanasiyana zothanirana ndi vutoli. Mabakiteriya ambiri ali ndi mchira wopotoka umene umazungulira ngati sikulufu. Miracidium kamagwiritsa ntchito tiubweya take. Kaubweya kalikonse kamakankha kali kowongoka, n'kubwerera kali kopindika pafupi ndi thupi, ndipo tonse timatsatizana ngati mphepo ikamadutsa m'munda wa mpunga. Kamathamangira kumene kuli fungo la nkhono m'madzi, ndipo kakayandikira kamayamba kukhotakhota mpaka kaipeze.

Cercaria, kamene ndi kotalika pafupifupi theka la milimita, kali ndi njira yakeyake. Mu 2017 akatswiri a yunivesite ya Stanford ku America, motsogozedwa ndi Manu Prakash, adasindikiza m'magazini ya Nature Physics zimene adapeza atajambula tizilomboti ndi kamera yothamanga kwambiri. Mchira umagwedezeka kangapo konse pa sekondi imodzi, ndipo pali mfundo ziwiri zofewa, ina pamene mchira walumikizana ndi mutu, ina pamene walumikizana ndi mphanda. Chifukwa cha kufewako, mutu ndi mphanda zimatsalira pang'ono m'mbuyo mwa kugwedezeka kwa mchira, motero kupita ndi kubwera sikufanana, ndipo kachilomboko kamayenda. Kamakwera chakumwamba mchira uli patsogolo, kenako kamapuma katatambasula mphanda n'kumamira pang'onopang'ono, n'kukweranso. Mwanjira imeneyi kamakhala pafupi ndi pamwamba pa madzi, pomwe pamafika miyendo ndi manja a anthu. Akatswiriwo adapanga ngakhale kachidole kotsanzira kasambiridwe kameneka m'madzi onanda ngati manyuchi, pofuna kudziwa ngati pangapezeke njira yolepheretsa kachilomboka kusambira. Akatswiri ena akupanga tinthu tosambira tokha topanda moyo. Mu 2004 a ku Pennsylvania State University adapanga timitengo ta mamilimita pafupifupi 0.002, theka golide theka platinum, timene timadziyendetsa tokha m'madzi osakaniza ndi hydrogen peroxide. Chiyembekezo chawo n'chakuti tsiku lina tinthu totere tizidzanyamula mankhwala m'thupi la munthu.

Mfundo yofunika kwambiri kwa ife ndi iyi. Cercaria sikadya kanthu. Kamatuluka mu nkhono ndi kamba wochepa m'thupi mwake, ndipo popeza m'dziko la kunanda mulibe kuyenda kwaulere, sekondi iliyonse yosambira imadya kambayo. Pakatha masiku awiri kasanapeze munthu, mphamvu zimatha ndipo kamafa. Leiper adazindikira izi mu 1915, ndipo adalangiza asilikali amene adali ku Egypt kuti azisunga madzi masiku awiri asanawagwiritse ntchito.

Kuno kwathu

Bungwe la World Health Organization lidawerengera kuti mu 2021 anthu oposa 250 miliyoni ankafunika mankhwala a likodzo, ndipo pafupifupi 9 mwa 10 alionse ali mu Africa. Boma lathu la Mangochi ndi limodzi mwa madera amene matendawa ndi ochuluka m'Malawi muno. Kale nkhono yodziwika idali Bulinus globosus, yokhala m'madambo, m'timitsinje ndi m'mabango a m'mbali mwa nyanja ya Malawi, Malombe ndi mtsinje wa Shire, ndipo anthu ankakhulupirira kuti gombe la mchenga woyera lilibe vuto. Koma mu 1996 magazini ya Lancet idasindikiza kafukufuku wosonyeza kuti alendo ambiri osambira ku Cape Maclear ankatenga likodzo. Pambuyo pake Jay Stauffer wa ku America ndi Henry Madsen wa ku Denmark, pamodzi ndi anzawo a ku Malawi, adapeza kuti nkhono ina, Bulinus nyassanus, yokhala mumchenga wa m'nyanja momwemo, nayonso ikufalitsa matendawa. Adaonanso kuti nkhonozi zidachuluka ku Chembe pamene nsomba zodya nkhono, makamaka Trematocranus placodon, zidachepa chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono okokedwa m'mbali mwa gombe, ena mwa iwo osokerera neti za udzudzu.

Mu 2017 akatswiri a Liverpool School of Tropical Medicine ndi anzawo a m'dziko muno adapeza nkhono za Biomphalaria pfeifferi m'gombe la Mangochi, kumene sizinkadziwika kale, ndipo chaka chotsatira adatsimikiza kuti ana a sukulu za m'mbali mwa nyanja ayamba kudwala likodzo la m'matumbo. Apezanso nyongolotsi zosakanizika pakati pa mtundu wa anthu ndi mitundu ya ziweto. Pakati pa ofufuza nkhani zimenezi pali Amalawi anzathu, monga Dr Sekeleghe Kayuni, amene adafufuza za likodzo la ziwalo zoberekera pakati pa asodzi a kuno, ndi Pulofesa Janelisa Musaya wa ku Malawi Liverpool Wellcome ku Blantyre.

Zimene tafotokozazi zikutipatsa zochita. Kwa ophunzira, tidziwe kuti nkhono zimatulutsa tizilombo tambiri masana dzuwa likakhala paliwombo, nthawi yomwe timakonda kuthamangira kunyanja tikaweruka. Kukodza magazi ndi matenda, ndipo likodzo losachizidwa limachepetsa magazi, limafooketsa mwana m'kalasi, ndipo pakapita zaka lingawononge impso ndi chiwindi kapena kuyambitsa khansa ya chikhodzodzo. Mankhwala a praziquantel, amene adapangidwa ku Germany m'zaka za m'ma 1970, amapha nyongolotsi zazikulu, koma sateteza munthu kuti asatengenso. N'chifukwa chake timamwa mobwerezabwereza.

Kwa makolo, tikupempha kuti tsiku la mankhwala mwana adye kaye asanabwere kusukulu, chifukwa mapiritsiwa amavuta pamimba yopanda kanthu. Atsikana ndi amayi amene akumva kuwawa m'chinena kapena kutaya magazi mosadziwika bwino apite kuchipatala popanda manyazi, chifukwa likodzo limagwiranso ziwalo zoberekera ndipo kawirikawiri limasokonezedwa ndi matenda opatsirana pogonana. Abambo a kunyanja nawo akalandire mankhwala, ndipo neti za udzudzu zikhale pabedi.

Kwa akuluakulu athu a komiti ya mzikiti, nkhani ya madzi opangira wudhu ili m'manja mwanu. Madzi a pamjigo kapena a pampopi alibe tizilombo ta likodzo. Kumene anthu amadalira madzi otunga kunyanja kapena kumtsinje, migolo iwiri ingathandize: wina uzigwira ntchito pamene wina wavundikiridwa kwa masiku awiri athunthu, ndipo tionetsetse kuti mulibe nkhono. Kutenthetsa madzi osamba mpaka madigiri 50 kwa mphindi 5 kumaphanso tizilomboti. Chimbudzi chabwino pamzikiti, pasukulu ndi padoko chimadula ulendo woyamba uja, chifukwa dzira limene silidafike m'madzi silingaswe.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Bilharz adali ndi zaka 26 pamene adaona chimene madokotala ambiri adachiphonya, ndipo patangotha miyezi itatu adabwereranso pa maikulosikopu n'kukonza zimene adalemba poyamba. Zida zake zidali zochepa kuposa za m'labotale ya sekondale zambiri za lero, ndipo Manu Prakash uja adapanganso maikulosikopu ya pepala yotchedwa Foldscope, yotsika mtengo kwambiri, kuti ana a sukulu ngati yathu azitha kuona zamoyo za m'dontho la madzi. Mafunso okhudza nkhono ndi tizilombo ta m'nyanja yathu akadali ambiri, ndipo ofufuza amayenda maulendo ataliatali kudzawafunsa pagombe pomwe ophunzira athu adakulira. Tikulimbikitsa a Folomu 3 ndi 4 kuti alimbikire masamu, fizikisi ndi bayoloji, kuti ena mwa odzayankha mafunsowo adzakhale ana a ku Mangochi konkuno.